Chilembo Chosowa

Lachiwiri lililonse ku Bochum mvula imawaza mwamanyazi.
Ndimakwera sitima imene ndinkayendetsa ndekha zaka khumi ndi zinayi,
koma tsopano ndimakhala kumbuyo, pakati pa njinga za ana asukulu,
ndipo tikamayandikira pokhota paja ndimatsinzina.

Chipinda chachitatu kumanzere.
Mayi Brinkschulte safunsa zambiri.
Amandiyatsira kompyuta, n'kuika madzi m'tambula,
n'kutuluka osatseka chitseko chonse.

Pagalasi pamabwera mawu:
"Ndikamakumbukira tsiku lija ndisakufuna,
ndiye kuti maganizo anga akuch_ra."

Chilembo chimodzi chaguluka ngati dzino la mwana.
Ndikudziwa chimene akufuna, chala nachonso chikudziwa.
Koma m'mutu muli kale eni malo,
anafika usiku wa Novembala uja osaodira, n'kumanga msasa:
Wapenga, Torsten. Unachedwa kugwira buleki. Ndiwe.

Matani mazana anayi saima chifukwa munthu wakuwa.
Apolisi anandiuza, abwana anandiuza,
Dagmar anandiuza atandigwira masaya onse awiri kukhitchini.
Khutu linalandira.
Mtima unabweza ngati kalata yolakwika adiresi.

Jekete lake linali lachikasu.
Izi ndinakhala nazo miyezi isanu ndi inayi osauza munthu.

Ndimadina "i".
Kompyuta siomba m'manja, sindisisita paphewa,
imangoponya china:
"Ndikadzidzimuka ndi kulira kwa zitsulo,
thupi langa likuyesa kundit_teza."
Ndimadina "e". China. Chinanso.
Nthawi zina imandibwerera ndi funso, inde kapena ayi,
kuona ngati ndinawerengadi kapena ndimangogogoda ngati gogomole.

Sabata yoyamba ndinatukwana.
Ndinati makinawa akundinyengerera ngati mwana wokana mankhwala,
bodza n'bodza, ngakhale ulibwereze makumi asanu ndi atatu.
Mayi Brinkschulte anapukuta magalasi awo ndi juzi.
"Nanga lija mumadziuza m'bandakucha, mwalibwereza kangati?"
Ndinayamba kuwerengera chamumtima.
Ndinalekera panjira.

Za ubongo sindidziwa, ndimadziwa njanji.
Sitima sisankha kopita.
Pamphambano pali kachitsulo kopyapyala ngati lilime,
kakasuntha pang'ono chabe, wa ku Essen wathera ku Hagen.
Kakakhalitsa mbali imodzi kamachita dzimbiri,
ndipo m'chisanu amachita kukafunditsa kuti kasaumirire.
Mwina ndi zimenezo ndimabwerera kuno,
kudzakankha kalilime kaja ndi chala chimodzi,
kakulira, kakukana, mawa kabwerera pomwe kanali.

Pali masiku amene ndimadina zonse molondola
n'kukasanza kuchimbudzi cha pansi.
Pali tsiku limene ndinakhala mphindi zisanu pa mawu oti "wosal_kwa",
galasi likudikira, osatopa, osandiyang'ana.
Munthu akanatsokomola, akanasuzumira wotchi.
Mwina n'chifukwa chake ndinatha kudina.

Loweruka lapitali, m'sitolo, pamzere wolipira,
kamtsikana kanadutsa katavala jekete yamvula yachikasu.
Mawondo anasanduka madzi. Mabotolo m'basiketi anayamba kugundana.
Ndipo chiganizo chinadzilemba chokha m'mutu, ndi mpata wake womwe:
"Ndikanjenjemera chonchi, ndiye kuti..."
Liwu lakale linafika poyamba, monga mwa nthawi zonse,
litavala bwino, likudziwa mpando wake.
Koma kumbuyo kwake kunabwera lina,
mochedwa ngati sitima ya ku Dortmund,
lopanda anthu, nyali imodzi yakufa.
Linafika ndithu.

Ndinalipira mkaka ndi anyezi. Chenji ndinaiwala.

Yunifolomu ikadali m'kabati, m'pulasitiki ya ochapa.
Dagmar saikhudza, inenso sindiikhudza.
Usiku sitima za katundu zimadutsa kuseri kwa nyumba,
ndimawerenga mabogi mpaka atatha,
makumi atatu ndi limodzi, nthawi zina makumi anayi,
kenako kumakhala zii,
mpata wa chilembo chimodzi,
ndipo ndimagona chagada, chala chili m'mwamba.